MBIRI YA FEDERICO TESIO, WOWETA AKAVALO A LIWIRO

Ambiri a inu owerenga simunaone kavalo ndi maso anu, koma nonse mudziwa kusankha mbeu. Pokolola, mai apatula cimanga ca maso akuru ndi okhwima, nacipacika pautsi kufikira dzinja, pakuti adziwa kuti mwana atengera kholo lace. Mwezi uno tikuuzani za munthu wa ku Italy amene anatha moyo wace wonse pa nchito yosankha mbeu, koma mbeu yace inali ya akavalo opikisana liwiro.

Federico Tesio anabadwa m'mudzi waukuru wa Turin caka ca 1869. Atate wace ndi amace anamwalira iye akali kamwana, ndipo anakulira pa sukulu ya ansembe ku Moncalieri. Atakula anayenda maiko akutali, nafika ngakhale ku Argentina, kumene anthu akhala pamsana pa kavalo kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Caka ca 1898 anakwatira mkazi dzina lace Lydia, ndipo awiriwa anagula malo ochedwa Dormello m'mbali mwa nyanja ya Maggiore, namangapo makola. Mkaziyo ndiye anasunga mabuku olembamo kholo la kavalo ali yense ndi ana ace. Mwamunayo anali kusankha yekha akavalo oti aberekane, naphunzitsanso yekha ana ao kuthamanga, nawacha maina a amisiri ojambula ndi osema, monga Donatello ndi Tenerani.

Mtundu wa akavalo amene iye anaweta unayambira ku England. Kumeneko anatenga akavalo amphongo atatu a ku maiko a kum'mawa, ochedwa Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian, ndipo kuyambira caka ca 1791 Angerezi alemba m'buku mibadwo yonse ya zidzukulu zao. Koma ngakhale bukulo linalipo, oweta anali kuzizwa ndi cinthu cimodzi. Munthu akatenga kavalo wamphongo wopambana onse, namphatikiza ndi wamkazi wopambana onse, kawiri kawiri mwana wao anabadwa wolobodoka. Nanga liwiro la makolo lapita kuti?

Tesio anafuna yankho m'malembo a Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, amene anabzala nsawawa m'munda wa nyumba ya ansembe, nawerenga zimene mbeu iri yonse inabala. Mendel analemba zimene anapeza caka ca 1866, koma anthu sanazisamale kufikira 1900, iye atamwalira kale. Ciphunzitso cace ndi ici: mwana alandira gawo limodzi la cibadwa kwa atate ndi lina kwa amace, ndipo gawo lina likhoza kubisala m'mbadwo umodzi, nkudzaonekanso mwa mdzukulu. Tesio anakhala pansi ndi mabuku a mibadwo, nawerenga maonekedwe a ubweya wa akavalo ambirimbiri, napeza kuti lamulo la nsawawa ligwiranso pa iwo. Kavalo wotuwa sabadwa popanda kholo limodzi lotuwa. Akavalo awiri ofiira abala mwana wofiira nthawi zonse, koma awiri oderapo akhoza kubala wofiira, cifukwa kufiirako kunabisala mwa onse awiri.

Komatu liwiro siliri ngati ubweya. Licokera ku mtima, ndi mapapo, ndi minofu, ndi mafupa, ndi kulimba mtima kwa nyamayo, ndipo ciri conse ca izi ciri ndi magawo ace ambiri a cibadwa. Cifukwa cace Tesio sanakhulupirire dzina la kholo lokha, kapena kukongola kwa thupi. Kavalo ali yense anamuyesa pabwalo, ndipo amene anaonetsa mphamvu pamenepo ndiye analoledwa kubala. Ndi njira iyi akavalo obadwira m'makola ace anapambana mpikisano waukuru wa dziko lao, wochedwa Derby Italiano, nthawi 22, kuyambira caka ca 1911.

Tsono imvani za kavalo amene anamveketsa dzina lace kunja. Caka ca 1915, nkhondo yaikuru iri mkati, Tesio anapita ku msika wa akavalo ku Newmarket m'dziko la England, nagula kavalo wamkazi wocepa thupi dzina lace Catnip pa mapaundi 78 ndi masheleni 15. Ogula ena anampeputsa, koma Tesio anayang'ana makolo ace, pakuti atate wace ndi amace onse anali atapambana mipikisano yaikuru ya ku England. Catnip anabala Nogara, wocepanso thupi koma wa liwiro loopsa. Pofunira Nogara mwamuna, Tesio anasankha kavalo wochuka dzina lace Fairway, koma sanapeze mpata. Ndipo anamtumiza kwa mbale wace wa Fairway, wa atate mmodzi ndi mai mmodzi, dzina lace Pharos, amene anali ku France. Mwana wa awiriwa ndiye Nearco, wobadwa caka ca 1935. Anathamanga mipikisano 14, ndipo panalibe ngakhale umodzi umene anagonja. Wotsiriza unali wa ku Paris caka ca 1938, kumene anasiya m'mbuyo opambana a ku England ndi a ku France. Taonani, kavalo woposa onse anacokera kwa mphongo imene mwini wace sanaifune poyamba.

Atapita masiku owerengeka Tesio anamgulitsa kwa Mngerezi, Martin Benson, pa mapaundi 60,000, mtengo waukuru kwambiri pa kavalo masiku amenewo. Tinene poyera kuti Benson uyu anapeza cuma cace pa nchito ya juga, pakuti pa mabwalo amenewa anthu ambiri aikiza ndalama, ndipo ambiri abwerera kwao manja ali m'khosi, ici siticiyamika. Itabuka nkhondo yaciwiri anammangira Nearco nyumba ya pansi pa nthaka yothawiramo mabomba. Mwa ana ace munali Nasrullah ndi Nearctic, ndipo Nearctic anabala Northern Dancer ku Canada caka ca 1961. Lero akavalo ocuruka a mtundu uwu pa dziko lonse ali ndi mwazi wa Nearco, kotero kuti anthu ophunzira ayamba kudandaula kuti cibale cayandikana kopitirira, monga mudziwa zimene zicitika m'khola limene tonde mmodzi akhalamo zaka zambiri.

Maganizo ace Tesio anawalemba m'buku limene linaturuka caka ca 1947. Si onse anali oona. Anakhulupirira kuti muli mphamvu yina yosaoneka imene makolo apatsira mwana pa nthawi yokwerana, ndi kuti mphamvuyo itha m'banja patapita mibadwo yowerengeka. Ici palibe amene wacitsimikiza. Koma kumene iye anali kufufuza mumdima, ena afikako ndi nyali. Caka ca 2010 ophunzira a ku Dublin anaonetsa kuti gawo limodzi la cibadwa, loyang'anira kukula kwa minofu, lithandiza kuzindikira ngati kavalo ayenera mtunda waufupi kapena wautali. Ngakhale tero, kufikira lero palibe munthu wokhoza kunena mwana asanabadwe kuti uyu adzapambana.

M'ukalamba wace, caka ca 1952, kunabadwa mwana wa Tenerani ndi Romanella, amene anamucha Ribot. Makolo onse awiri anali obadwira m'makola a Tesio mwini. Koma kamwanako kanali kakang'ono, ndipo nkhalambayo, imene maso ace anali atayesa akavalo zaka zoposa 50, sinakalembetse m'mipikisano yaikuru ya ku Italy. Tesio anamwalira pa 1 May 1954, ali ndi zaka 85, Ribot asanathamange ngakhale kamodzi pamaso pa anthu. Patapita miyezi iwiri kavaloyo anapambana mpikisano wace woyamba ku Milan. Anathamanga mipikisano 16 m'maiko atatu, osagonja konse, ndipo mpikisano woposa yonse ya ku France, wochedwa Prix de l'Arc de Triomphe, anaupambana kawiri, caka ca 1955 ndi ca 1956.