A JEAN MOULIN, BWANAMKUBWA AMENE ANAKANA KUNAMIZIRA ASILIKALI A MU AFRICA

Mzinda wa Chartres uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kucokera ku Paris, likulu la dziko la France. Mzindawu ndi wochuka cifukwa ca chalichi cace cacikulu ca Akatolika, cimene cinamangidwanso pambuyo pa moto wa m'caka ca 1194. Koma eni mzinda akamakumbukira nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, dzina limene amayamba kuchula ndi la a Jean Moulin.

A Moulin anabadwa pa 20 June 1899 m'tauni ya Béziers, kumwera kwa France. Atate ao anali mphunzitsi. Iwo anaphunzira za malamulo ku Montpellier nalowa nchito ya boma, ndipo mu 1939 anatumizidwa ku Chartres kukakhala bwanamkubwa wa cigawo ca Eure-et-Loir. Caka comweco nkhondo inabuka, motero amisiri anacotsa magalasi okongola a m'mazenera a chalichi cija nawabisa poopa mabomba.

M'mwezi wa June 1940 ndege za Ajeremani zinaponya mabomba pa Chartres. Nyumba zinapsa, madzi anasowa, ndipo anthu ambiri pamodzi ndi akulu-akulu a mzinda anathawa. A Moulin anatsala, namafunira cakudya anthu othawa nkhondo ndi kusamala ovulala. Pa 17 June Ajeremani analowa mumzinda. Tsiku lomwelo anawapatsa cikalata cakuti asaine, conena kuti asilikali akuda a ku West Africa, amene anali kumenyera nkhondo France, ndiwo anapha akazi ndi ana pa malo ochedwa La Taye. Zoona zace zinali zakuti anthuwo anafa ndi mabomba a Ajeremani eni ace.

A Moulin anakana kusaina bodzalo. Anamenyedwa koopsa natsekeredwa m'cipinda. Usiku umenewo, poopa kuti ululu ungawagonjetse kutaca, anadziceka pakhosi ndi cibenthu ca galasi. Anawapeza ali m'magazi nawatengera kucipatala, kumene anacira. Cikalata cija sicinasainidwe konse.

Mu November 1940 boma la Vichy, limene linali kugwirizana ndi Ajeremani, linawacotsa pa nchito. Mu October 1941 anafika ku London kwa General Charles de Gaulle, amene anawatuma kuti abwerere kwao kukagwirizanitsa magulu olimbana ndi adani mobisa. Nchitoyi inatheka pa 27 May 1943, pamene atsogoleri a maguluwo anakhala pamodzi ku Paris koyamba. Pasanathe mwezi, pa 21 June, a Moulin anagwidwa ku Caluire pafupi ndi Lyon. Anazunzidwa kwambiri koma sanaulule anzao. Anamwalira pa 8 July 1943 m'sitima yowatengera ku Germany, ali ndi zaka 44.

Motero sanaone masautso otsiriza a Chartres, ngakhale kumasulidwa kwace. Pa 26 May 1944 mabomba a ndege za Amereka anagwera pakati pa mzinda natentha nyumba yosungiramo mabuku akale olembedwa pamanja. Mu August Ajeremani anaphulitsa cipata cakale-kale ca Porte Guillaume. Chalichi naco cinatsala pang'ono kuomberedwa ndi mizinga ya Amereka, popeza anaganiza kuti adani abisala m'nsanja zace. Pa 16 August 1944 Colonel Welborn Griffith anakwera m'nsanjamo napeza kuti munalibe mdani, ndipo chalichi cinapulumuka. Iye anaphedwa tsiku lomwelo ku Lèves, pafupi ndi Chartres. Patapita masiku ocepa mzinda unamasulidwa, ndipo pa 23 August de Gaulle analankhula kwa anthu ace.

Nkhondo itatha, anthu a ku Chartres anamanganso nyumba zao, ndipo amisiri anabwezera magalasi aja m'mazenera. Mu 1948 anaimika mwala wa cikumbutso ca a Moulin, wosemedwa ngati dzanja lofumbata lupanga lothyoka. Mu December 1964 phulusa lao linasamutsidwira ku Panthéon mu Paris, kumene France imagoneka anthu ace olemekezeka.

Asilikali a mu Africa aja sanali abale a a Moulin, ndipo kusaina kukanawapulumutsa ku zikoti. Komabe iwo anasankha imfa koposa kupaka anthu osalakwa mlandu wa magazi.