John Kirk, Wojambula Zithunzi za Zambezi

John Kirk anabadwa pa 19 Dezembro 1832 ku Barry, mudzi wa ku Scotland. Bambo wace anali mbusa wa mpingo. Atakula, Kirk anaphunzira za udokotala mumzinda wa Edinburgh. Ankakondanso kuphunzira za mitengo ndi maluwa, ndiponso kujambula zithunzi ndi kamera.

M'caka ca 1858, David Livingstone anamutenga pa ulendo wofufuza mtsinje wa Zambezi. Nchito ya Kirk inali yociza odwala ndi kusonkhanitsa zomera. Wojambula zithunzi pa ulendowo anali Charles, mng'ono wace wa Livingstone, koma nchitoyo sinamuyendere bwino. Kirk anali atatenga kamera yaceyace. Lero zithunzi zace zili m'gulu la zithunzi zoyambirira kujambulidwa m'cigwa ca Zambezi.

Masiku amenewo kujambula cithunzi inali nchito yaikulu. Kamera inali bokosi la matabwa loikidwa pa miyendo itatu. Kirk ankagwiritsa nchito pepala lopakidwa phula ndi kuviikidwa m'mankhwala. Pepalalo linali lopepuka, ndipo silinkasweka pa ulendo monga galasi. Koma linkacedwa kugwira cithunzi. Kamera inkakhala yotsegula kwa mphindi zingapo. Cinthu cikagwedezeka, cinkaoneka ngati utsi, mwina osaoneka konse.

N'cifukwa cace Kirk ankajambula kwambiri zinthu zosayenda. Anajambula milambe ikuluikulu ndi mitengo yokulungidwa ndi zilambe. Anajambula nyumba za ku Tete ndi ku Sena. Anajambulanso mtsinje ndi sitima yawo yamoto, dzina lace Ma Robert. Opalasa mabwato, onyamula katundu ndi olondolera njira ndiwo anayendetsa ulendowo, koma saoneka kawirikawiri m'zithunzizo.

Mu 1859 Kirk ndi Livingstone anatsata mtsinje wa Chire mpaka anafika ku nyanja ya Niassa. M'njira anakumana ndi malonda a akapolo. Kirk sanaiwale nkhanza zimene anaziona.

M'mwezi wa Novembro 1860, tsoka linamugwera. Iye ndi anzace ankatsika mtsinje wa Zambezi ndi mabwato, kulowera ku Tete. Atafika pa mathithi a Cahora Bassa, madzi amphamvu anakankhira bwato lace pa mwala, ndipo linagubuduzika. Kirk anapulumuka, koma mabuku amene ankalembamo ndi zojambula zace za zomera zinapita ndi madzi. Nchito ya miyezi yambiri inatayika m'kanthawi kocepa. Iye sanagwe mphwayi. Anayambanso kulemba ndi kusonkhanitsa zomera.

Mu 1862 Mary, mkazi wa Livingstone, anadwala malungo ku Chupanga. Kirk anayesetsa kumuciza, koma anamwalira ndipo anaikidwa pansi pa mlambe. Caka cotsatira Kirk nayenso anadwala kwambiri, nabwerera kwawo.

Mu 1866 anapita ku Zanzibar, kumene anadzakhala woimira dziko la Britain. Pa cilumbaci panali msika waukulu wa akapolo. Ambiri mwa akapolowo ankacokera ku madera a nyanja ya Niassa. Mu 1873 Kirk anakakamiza mfumu Barghash kusaina pangano, ndipo msikawo unatsekedwa. Ku Zanzibar anapitiriza kujambula zithunzi.

Kirk anamwalira pa 15 Janeiro 1922 ku Sevenoaks, ku England, ali ndi zaka 89. Mapiri a Kirk, amene ali m'malire a Moçambique ndi Malawi, amachedwa ndi dzina lace.

Cigwa ca Zambezi casintha. Mathithi amene anamulanda mabuku anamizidwa ndi madzi a damu la Cahora Bassa, limene linatsekereza mtsinje mu 1974. Tete wakula ndipo ndi mzinda waukulu. Koma zithunzi za Kirk zikusungidwabe ku Edinburgh. Wofuna kudziwa m'mene dziko la m'mbali mwa Zambezi linkaonekera kalekale, angathe kuliona pa mapepala aphula aja.

Mafunso

1. N'cifukwa ciani Kirk ankajambula mitengo ndi nyumba kuposa anthu?
2. Cinamucitikira n'ciani pa mathithi a Cahora Bassa?
3. Ndi malo ati a kwanu amene ayenera kujambulidwa asanasinthe?