Christina Rossetti: Mayi Amene Anasunga Chikhulupiriro Pakati pa Okayika

Amayi anzathu mwa Ambuye, ambiri a ife tili ndi wina m'banja amene anasiya kupemphera. Kwa ena ndi mwana amene tinamuvutikira mpaka ku koleji, lero akuti za Mulungu ndi nthano. Kwa ena ndi bambo akunyumba kapena mlongo wathu. Mwezi uno tiyeni tione moyo wa Christina Rossetti, mayi wa mpingo wathu wa Anglican, amene anasenza mtolo womwewu.

Christina anabadwira ku London pa 5 Disembala 1830, ndipo anali mzime m'banja la ana anayi. Bambo ake, a Gabriele Rossetti, anathawa kwawo ku Italy pa nkhani za ndale ndipo ankaphunzitsa Chitaliyana pa King's College. Mayi ake, a Frances, ndiwo anaphunzitsa ana aakazi pakhomo ndi kuwazoloweza Baibulo. Christina, mayi ake ndi mkulu wake Maria ankapemphera ku Christ Church, Albany Street, komwe akhristu ankalimbikira Misa, kusala kudya ndi kutumikira osauka.

Anakula m'nthawi imene anthu ophunzira a ku England anayamba kukayika. M'chaka cha 1859 Charles Darwin anatulutsa buku lake lofotokoza mmene zamoyo zimasinthira, ndipo ambiri anayamba kufunsa ngati Baibulo n'lodalirika. Mphepo imeneyi inalowa ndi m'nyumba ya Christina momwe. Mlongo wake William anasiya chikhulupiriro, nkumati palibe munthu angadziwe ngati Mulungu alipo. Mlongo winayo, Dante Gabriel, katswiri wojambula zithunzi, naye anatalikirana ndi tchalitchi.

Yesero lalikulu linadza m'chaka cha 1866. Charles Cayley, munthu wofatsa ndi wophunzira amene kale ankaphunzira Chitaliyana kwa bambo ake, anamufunsira ukwati. Christina ankamukonda kwambiri. Cayley analibe chuma, koma William anadzipereka kuti awiriwo azikhala pakhomo pake. Chotchinga chinali chimodzi: Cayley sankakhulupirira monga Mkhristu. Christina anakana, ndipo anakhala mbeta moyo wake wonse. Komatu sanamutaye. Anakhala mabwenzi, akumachezerana ndi kulemberana makalata, kufikira Cayley anamwalira mu 1883.

Chikhulupiriro chake chinkaoneka ndi m'ntchito. Kuyambira mu 1859, kwa zaka pafupifupi khumi, ankadzipereka pa nyumba ya St Mary Magdalene ku Highgate, kumene ankalandirirako amayi ofuna kusiya uhule. Analinso wolemba ndakatulo wotchuka. Buku lake la Goblin Market linatuluka mu 1862. Anthu ambiri amene ankalemba ndi kujambula limodzi ndi alongo ake analibe nazo ntchito za mpingo, koma iye sanachite manyazi kulemba za Khristu. Bungwe la SPCK linasindikiza mabuku ake a mapemphero ndi kusinkhasinkha mawu a Mulungu, ndipo ndakatulo yake ya In the Bleak Midwinter imayimbidwa m'matchalitchi ambiri pa Khirisimasi. Cha m'ma 1871 anadwala matenda a chithokomiro amene anatsala pang'ono kumupha, ndipo anamusintha nkhope. Atapezako bwino anapitiriza kulemba ndi kusamalira mayi ake okalamba.

Nkhani imene imatikhudza kwambiri inachitika mu Januwale 1883. William ndi mkazi wake Lucy sanabatizitse ana awo. Mwana wawo wamng'ono, Michael, atadwala mwakayakaya, Christina sanachite mwamseri kapena kuwadzudzula. Anapempha chilolezo, makolowo anavomera, ndipo anamubatiza yekha ndi manja ake mwanayo asanatsirizike. Tikuganiza kuti makolo osakhulupirirawo anavomera chifukwa kwa zaka zambiri anali ataona kuti azakhali a mwana wawo ndi munthu wachikondi ndi woona mtima.

Christina anamwalira ndi khansa pa 29 Disembala 1894, ndipo anaikidwa m'manda a Highgate. William ankamuyendera kawirikawiri pa matenda akewo, ndipo mu 1904 anasonkhanitsa ndakatulo zake, kuphatikizapo zachikhristu, nkuzisindikiza m'buku limodzi. Tinene zoona: William sanabwerere ku chikhulupiriro. Christina sanaone yankho la pemphero lake lalikulu, komabe sanaleke kupemphera ndipo sanaleke kukonda.

Apa ndipo pali phunziro lathu, amayi. Wokondedwa wathu akakayika, ena a ife timakwiya nkumunena kuti walodzedwa kapena maphunziro amusokoneza mutu. Ena timabisa Baibulo ndi yunifolomu yathu kuti pakhomo pakhale bata. Christina sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anakana kugulitsa chikhulupiriro chake ngakhale chifukwa cha ukwati, ndipo anakananso kudula chibale. Pa msonkhano wathu wotsatira tiwerenge 1 Petro 3:15, kenaka aliyense atchule mumtima dzina la wokondedwa wake amene anasiya kupemphera, timupempherere pamodzi. Mpingo wa ku England umakumbukira Christina pa 27 Epulo. Ambuye atipatse ifenso mtima wopirira ngati wake.