Willem Einthoven

Willem Einthoven (21 Meyi 1860 – 29 Sepitembala 1927) anali dokotala komanso katswiri wa sayansi wa ku Netherlands amene anapanga makina oyamba odalirika ojambulira kagundidwe ka mtima, otchedwa ECG.

Ubwana ndi maphunziro

Anabadwira ku Semarang, pachilumba cha Java, m'dziko limene pano ndi Indonesia. Bambo ake, omwenso anali dokotala, anamwalira iye ali ndi zaka 6, ndipo mu 1870 mayi ake anasamukira ku Utrecht ndi ana. Kumeneko anaphunzira udokotala n'kumaliza mu 1885. Chaka chotsatira anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Leiden, komwe anagwira ntchito mpaka imfa yake.

Makina a ECG

Mtima ukamagunda umatulutsa mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri. Augustus Waller anaijambula ku London mu 1887, koma mizere yake sinkaoneka bwino. Pakati pa 1901 ndi 1903 Einthoven anakonza makina okhala ndi kaulusi kopyapyala kokutidwa ndi siliva, komwe kankanjenjemera pakati pa maginito. Makinawo ankalemera makilogalamu pafupifupi 270, ndipo pankafunika anthu asanu kuti awayendetse. Wodwala ankaviika manja ndi phazi m'ndowa za madzi a mchere. Zilembo P, Q, R, S ndi T zimene madokotala amatchulira zigawo za mzere wa ECG anazisankha ndi iyeyo.

Kuyeza wodwala ali kutali

Popeza makinawo sankanyamulika, mu 1905 anawalumikiza ndi chipatala cha Leiden kudzera m'waya wa telefoni wotalika makilomita 1.5. Mu 1906 anasindikiza zithunzi za mitima imene anayeza motere, kuphatikizapo cha mtima wogunda mosalongosoka. Patapita zaka zitatu, Thomas Lewis wa ku London anaonetsa kuti vutoli, lotchedwa atrial fibrillation, limayamba zipinda zam'mwamba za mtima zikamangonjenjemera m'malo mopopa magazi. Limagwira kwambiri achikulire, ena osamva chizindikiro chilichonse, ndipo lingayambitse sitiroko.

Cholowa chake

Einthoven analandira mphoto ya Nobel mu 1924 ndipo anamwalira ku Leiden. Masiku ano mawotchi ena ndi tizipangizo tolumikiza ku foni timajambula ECG n'kuitumiza pa intaneti. Njira yoyezera wodwala ali kutaliyi ndi yofunika m'maboma ngati Mwanza, komwe ofuna madokotala akuluakulu amatumizidwa kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.