Florence Nightingale, Mayi wa Anamwino

Florence Nightingale anabadwa pa 12 Meyi, 1820, mu mzinda wa Florence, m'dziko la Italy. Makolo ake anali Angerezi olemera. Kuyambira ali wamng'ono, iye ankakonda masamu ndiponso ankamvera chisoni anthu odwala. Atakula anauza makolo ake kuti akufuna kukhala namwino. Iwo sanakondwe, popeza masiku amenewo unamwino inali ntchito yonyozeka. Koma Florence sanabwerere m'mbuyo, ndipo m'chaka cha 1851 anakaphunzira ntchitoyi ku Kaiserswerth, m'dziko la Germany.

M'chaka cha 1854 Angerezi analoŵa m'nkhondo ya ku Crimea, yomenyana ndi dziko la Russia. Boma linatuma Florence pamodzi ndi anamwino 38 ku chipatala cha asilikali cha ku Scutari, m'dziko la Turkey. Zimene anapeza kumeneko zinali zomvetsa chisoni. Odwala anali othithikana m'zipinda zauve, zodzaza makoswe ndi nsabwe. Ngalande za zonyansa zinali zotsekeka, ndipo zofunda ndi mankhwala zinali zosoŵa.

Florence ndi anzake anayamba kukolopa, kuchapa ndi kuphikira odwala. Usiku iye ankayendera odwalawo nyale ili m'manja. Koma panali ntchito inanso imene ambiri sankaiona. Iye anaona kuti mabuku a chipatala sankalembedwa bwino, kotero kuti ngakhale chiŵerengero cha akufa sichinkadziŵika bwinobwino. Motero analimbikira kuti odwala ndi akufa omwe azilembedwa mosamala.

M'chaka cha 1855 boma linatumiza akatswiri amene anatsuka ngalande zija ndi kukonza zipinda kuti mphepo iziloŵa. Pambuyo pake imfa zinachepa kwambiri.

Atabwerera kwao m'chaka cha 1856, Florence sanataye zolembedwa zija. Mothandizana ndi katswiri wina wa ziŵerengero, William Farr, anazisanthula mofatsa. Anapeza kuti asilikali amene anafa ndi matenda monga kolera, kamwazi ndi taifodi anali ochuluka koposa amene anafa ndi mabala a nkhondo. Ambiri a iwo akanapulumuka kukanakhala ukhondo.

Pofuna kuti akuluakulu a boma amvetse msanga, iye anajambula chithunzi chozungulira chokhala ndi magawo 12, gawo lililonse kuimira mwezi umodzi. Mtundu wabuluu unkasonyeza ofa ndi matenda opeŵeka, wofiira ofa ndi mabala, ndipo wakuda ofa ndi zifukwa zina. Aliyense woyang'ana ankaona yekha kuti mtundu wabuluu ndiwo unali waukulu. Boma linamva, ndipo linayamba kukonza nyumba ndi zipatala za asilikali.

Kenaka Florence anakonza mafomu oti zipatala zonse zizilembapo mofanana. Iye ankadziŵa kuti zolemba zikasiyana, nkosatheka kuyerekeza chipatala china ndi chinzake. M'chaka cha 1860 anatsegula sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas mu mzinda wa London. Anamwalira pa 13 Ogasiti, 1910, ali ndi zaka 90.

Masiku ano zipatala zambiri zimasunga mbiri ya odwala m'makompyuta. Akatswiri amaŵerenga mbiri za anthu zikwizikwi pofufuza gwero la matenda ndi mankhwala amene akuchiza bwino. Pochita zimenezi amayenera kubisa maina, chifukwa matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Chaka chilichonse, pa 12 Meyi, anamwino pa dziko lonse amakumbukira ntchito yao pa tsiku lobadwa la mayi ameneyu.

Mafunso

1. Kodi Florence anabadwira kuti?
2. Nchifukwa ninji makolo ake sanakondwe ndi maganizo ake?
3. Kodi nchiyani chinapha asilikali ambiri ku Scutari?
4. Fotokozani chithunzi chimene Florence anajambula.
5. Nchifukwa ninji akatswiri amabisa maina a odwala?