Dunduzu Chisiza adaona patali, koma mpanda sadaumange

Mlungu wathawu ndili pa boma la Chitipa ndidamva anyamata awiri akukangana za boma la fedulo. Wina amati likabwera mavuto a kuno atha, mnzake amati limeneli ndi tsankho chabe. Ine mumtima ndidakumbukira munthu amene adaimira dera lino ku nyumba ya malamulo mu 1961, Chitipa ikadali Fort Hill pansi pa boma la Karonga. Ndikunena malemu Dunduzu Kaluli Chisiza.

Adabadwa mu 1930, naphunzira ku Livingstonia ndi ku Uganda. Ndale adaziyambira ku Salisbury, kumene mu 1955 iye, James Chikerema ndi George Nyandoro adali m'gulu loyambitsa City Youth League. Azungu adamuona kuti ndi minga, ndipo mu 1956 adamupitikitsa. Atakaphunzirako za chuma ku Birmingham, adabwera mu 1958 kudzakhala mlembi wamkulu wa Kongeresi.

Mdani wake wamkulu chidali chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963. Apatu ndiye anyamata aja amvetsetse. Chitaganya chija chidali fedulo ndithu, dziko lililonse boma lakelake, koma mphamvu zenizeni zidali m'manja mwa azungu ochepa a ku Salisbury. Makolo athu kuno adachikana, mpaka kutseka bwalo la ndege la Fort Hill mu February 1959. Mu March chaka chomwecho Dunduzu adamangidwa, nakatsekeredwa ku Gwelo pamodzi ndi Dr Banda. Adatuluka mu 1960.

Atapambana chisankho cha 1961 adagwira ntchito mu unduna wa zachuma, akadalinso mlembi wamkulu wa MCP. Koma chomwe ndimamulemekezera ine ndi buku lake la 1962, Africa: What Lies Ahead, momwe adachenjeza kuti ufulu ukadzabwera atsogoleri akuda omwe akhoza kusanduka ankhanza osafuna kudzudzulidwa. Pa 3 September 1962 adafa pa ngozi ya galimoto pa Thondwe, kufupi ndi Zomba, ali ndi zaka 32. Mpaka lero ena sakhulupirira kuti idali ngozi chabe.

Tisanamizane, abale anga, Dunduzu sadali mngelo. Iye ndi anzake ndiwo adakweza Kamuzu ngati mpulumutsi ndi kumanga chipani chosamva za otsutsa. Njoka adaiona, koma dzira adathandiza kufungatira.

Taonani zomwe zidatsatira. Mu 1964 nduna zomwe zidayankhula zidachotsedwa, zina n'kuthawa. Mu 1966 chipani chidatsala chimodzi. Mu 1967 mkulu wake Yatuta adaphedwa atalowa m'dziko ndi mfuti. Mu 1969 makhoti a mafumu adapatsidwa mphamvu zozenga milandu yakupha, majaji a High Court n'kutula pansi udindo. Mu 1971 a Banda adakhala pulezidenti wamuyaya. Khoti la mafumu lomwelo ndilo lidagamula Orton Chirwa kuti aphedwe mu 1983, ndipo adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Nduna, aphungu, makhoti, zonse zidalowa m'thumba limodzi.

Malamulo a 1994 adagawa mphamvu patatu: boma lolamula, nyumba ya malamulo ndi makhoti. Phindu lake tidaliona pa 3 February 2020 majaji asanu atafafaniza chisankho cha pulezidenti. Koma andale athu dzanja ndi lalitali. Seneti adaichotsa m'malamulo mu 2001 isadakhaleko n'komwe, ndipo kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lidayenda popanda makhansala. Nanga wogulitsa pa msika wa Chitipa akadakadandaula kwa yani?

Dandaulo la kuno ndi loona. Tara wa Karonga–Chitipa tidamudikira zaka pafupifupi 50 chilandirire ufulu. Choncho okamba za fedulo sindiwanyoza. Ndingowafunsa: bwanamkubwa wa chigawo akadzayamba kudya yekha ku Mzuzu, adzamugwira dzanja ndani? Ngati yankho palibe, tidzangosamutsa Kamuzu kuchoka ku Lilongwe kumuika pafupi ndi kwathu.

Inu ophunzira, kafunefuneni kabuku ka Dunduzu mukawerenge. Inu a malonda, funsani khansala wanu komwe ikupita ndalama ya chiphaso cha pa msika.