A David Kaunda: Zaka 25 Asanachedwe Abusa

Dzina la Kaunda mumalidziŵa cifukwa ca mtsogoleli woyamba wa dziko lathu. Lelo tikambe za atate ŵake.

A David Kaunda anali a ku Nyasaland, kumene lomba ni Malawi. Anaphunzila ku mishoni ya Livingstonia m'masiku a Dr Robert Laws. Mu 1904 anapita pamodzi na anzawo a pa sukulu kukalalikila kwa Abemba. Mu 1905 anabwelelanso ku Chinsali, apa manje kukakhalilatu, iwo na akazi awo a Helen. Tangoganizani: kwanu kuli kutali, ulendo ni wa pansi, ndipo anthu amene mufuna kuwauza za Yesu akamba citundu cina. Anayamba aphunzila Cibemba.

Nchito yawo inali yooneka yaing'ono. Anali kuphunzitsa ana kuŵelenga, kuyenda m'midzi kulalikila, na kutsegula tumasukulu. A Helen nawonso anali mphunzitsi. Kwa zaka 8 panalibe mmishonale wacizungu wokhala nawo kumeneko. Pamene a Rev. McMinn anafika mu 1913 na kutsegula mishoni ya Lubwa, anapeza okhulupilila alipo kale.

Koma mvelani izi. A Kaunda anadzozedwa ubusa mu 1930, patapita zaka 25 cifikile ku Chinsali. Mu 1932 anamwalila. Udindo umene ena amauthamangila, iwo anakhala nawo zaka ziŵili cabe. Mwana wawo womaliza, Kenneth, anali na zaka 8, ndipo a Helen anatsala na ana pa Lubwa.

Sanaone mwana uja akutsogolela Zambia ku ufulu mu 1964. Sanaonenso a Simon Kapwepwe, amene anaphunzila pa Lubwa pomwepo, akukhala waciŵili kwa pulezidenti. Mpingo wa ku Lubwa ulipo mpaka lelo, uli mu United Church of Zambia.

Manje imwe bwanji? Mwina pa cell group yanu mumabwela anthu asanu cabe. Mwina mwaphunzitsa Sande sukulu zaka zambili, palibe anakuitananipo kutsogolo olo kukupatsani maiki. Mtima wayamba kukuuzani kuti lekani, palibe amene aona. Musaleke sabata ino. A Kaunda akanayembekeza udindo kuti ayambe kuseŵenza, ana a ku Chinsali akanataya zaka 25.

Ŵelengani Zekariya 4:10 musanagone, ndipo muchule maina a anthu ocepa amene Mulungu anakupatsani, mmodzimmodzi.

Tipemphele: Atate, tipatseni mtima wokhazikika pamalo pamene munatiika. Mzimu Woyela atilimbitse pamene palibe otiyamikila. M'dzina la Yesu, Ameni.

Tumizilankoni m'bale kapena mlongo amene watopa pa nchito ya Ambuye.